Nyenga, Makutu a Mfumukazi Ntchefu

Panangokhala, ndipo inu amene mwatchera khutu vomerani kuti tili limodzi. Inali nthawi imene nyama zinali ndi mafumu, nduna ndi oweruza, ndipo dziko lililonse linali ndi malire ake.

Dziko lina linkalamulidwa ndi mfumukazi Ntchefu. Nduna anali nazo zambiri, koma imene ankaidalira koposa inali Nyenga, kanyama kakang'ono ka mchira wautali, yemwe udindo wake unkatchedwa Makutu a Mfumu. Ntchito ya Nyenga inali kumva zimene ena samva: kumene alenje atchera misampha, kumene kwagwa nthenda, ndi amene akupangana chiwembu. Azondi ake anali ponseponse, koma wofunika kuposa onse anali Galu, amene ankakhala kumudzi kwa alenje eniakewo. Galu ankasaka nawo, kudya makombo awo ndi kugona pakhomo pawo, koma mtima wake sunaiwale abale ake a kutchire. Akatsalira m'mbuyo ngati akununkhiza kanthu, ankanong'oneza Nyenga kumene kwatcheredwa makhwekhwe. Alenje akanangodziwa, akanamupha tsiku lomwelo. Dzina la Galu ankalidziwa Nyenga yekha basi.

Chaka china misampha inachuluka, nawo moto wa m'tchire unkadumpha malire osapempha njira. Mafumu a mayiko onse anakumana n'kukhazikitsa Bwalo la Mayiko. Pampando anaikapo Mvuu, ndipo ukazembe woyenda ndi mauthenga anapatsa Dokowe. Anapangana kuti dziko lililonse lizipereka ku Bwalo zimene lamva, ndipo Dokowe ndi mbalame zake, poti zimaona moto udakali kutali, azichenjeza mayiko onse. Mfumu Kambuku wa kutsidya kwa mtsinje analowa nawo m'panganolo, ndipo ndiye anaomba m'manja kwambiri.

Ntchefu atabwerera kwawo, woweruza wamkulu wa dziko lake, Nungu, anapempha kulankhula.

"Mayi, pangano mwapanganalo ndi labwino," anatero Nungu. "Koma zimene amamva Nyenga si madzi a pachitsime oti wodutsa aliyense azitunga. Pakhale lamulo."

Lamulo linaikidwadi. Mawu achinsinsi asatuluke m'dziko nyama zisanasonkhane pabwalo n'kumva kuti kwabwera pempho. Wopemphayo anene ntchito imene mawuwo akukagwira. Mawu enieniwo awamve Nungu yekha, ndipo iye ndiye alole kapena akane. Ndipo pakamwa pamene pachokera mawuwo pasatchulidwe kwa wina aliyense, ngakhale kwa mfumukazi.

Nyenga, poti anali wanthabwala, anapeka nyimbo yoitanira nyama kubwaloko. Ankaimba ngati mayi amene akutsanzika mwana wake wopita kutali: kufunsa mawuwo kumene akupita ndi amene akawalandire, ndipo nyama zinkavomera mwa kubwereza funso lomwelo, zikuponda pansi. Aliyense akamva nyimboyo ankadziwa kuti pali chinsinsi chimene chikufuna kuoloka malire.

Sipanapite nthawi, Dokowe anatera pabwalo la Ntchefu.

"Odi kuno!"

"Fikani, a kazembe," anatero Ntchefu. "Kwagwanji?"

"Bwalo la Mayiko landituma, mayi. Nyama zikutha ndi makhwekhwe panjira zopita kudambo la mchere. Tamva kuti a Nyenga akudziwa njira imene ilibe misampha."

Nyenga anayambitsa nyimbo, nyama zinasonkhana n'kuvomera. Nungu anafunsa ntchito ya mawuwo, Dokowe anayankha kuti ndi kupulumutsa miyoyo. Nyenga ananong'oneza Nungu, Nungu anagwedeza mutu kuvomera, ndipo Dokowe anauluka ndi uthengawo n'kukaulengeza pamaso pa mayiko onse.

Nyama zambiri zinapulumuka. Zinkapita kumchere ndi kubwerako zonse zamoyo, ndipo dzina la Nyenga linatchuka mpaka kumayiko amene sanafikeko. Iye ankayenda mchira uli m'mwamba.

Koma tsiku lina Mphoyo wamkazi wa m'dziko la Ntchefu, amene anali ndi mwana woyamwa, anapita kumchere osabwerako. Anakamupeza panjira yabwino ija. Khosi lake linalibe waya. Theka la thupi lake linali litapachikidwa pamphanda ya mtengo. Aliyense ankadziwa mtundu umene umasunga nyama yake m'mwamba motero, koma Kambuku atafunsidwa anangotambasula dzanja.

"Amawangamawanga tilipo ambiri padziko pano," anatero. "Ine ndinali kwathu."

Mwamuna wa malemuyo anapita kwa Nyenga, kamwana kali pambali pake.

"Munatiuza kuti njira ija ndi yabwino."

"Inali yabwino," anayankha Nyenga, maso ali pansi. "Inali yabwino pamene ndinkaidziwa ndekha."

Kwa nthawi ndithu Nyenga sanaseke. Anazindikira kuti mawu amene anaongolera nyama zonse kunjira imodzi anaonetsanso wodya anzake malo abwino odikirira. Anapita kwa Nungu, ndipo awiriwo anaonjezera funso lina pa lamulo lija: mawu asanatuluke, bwalo lizifunsa kuti ndani angalire chifukwa cha mawuwo. Nyimbo nayo inatalika. Kumapeto kwake kunabwera chigawo chodekha chotchula amasiye, ndipo nyama zikafika pamenepo zinkaleka kuponda pansi.

Dokowe anabweranso.

"Ulendo uno Bwalo likufuna dzina," anatero. "A Kambuku akuti sitingamayendere mawu opanda mwini. Akuti mwina a Nyenga amangolota. Atiuze amene amawauza za misampha, kuti timudziwe ndi kumuthokoza."

Nyenga anaimba, nyama zinavomera, ndipo Nungu sanachedwe kuyankha.

"Limenelo lamulo likukana. Pakamwa satchula."

"Ndiye ndikanene chiyani?" anafunsa Dokowe. Sanali woipa mtima Dokowe; ankangofuna kubwerera ndi yankho. "Akati dziko la a Ntchefu likubisa kanthu. Ndipo inenso, kunena zoona, ndingadziwe bwanji kuti zimene ndimanyamulazi n'zoona?"

"A kazembe," anatero Nyenga, "chimene mukufuna ndi dzina, kapena kudziwa ngati mawu anga ali oona?"

"Kudziwa ngati ali oona."

"Tiyeni tiongoleko miyendo."

Anayenda mpaka pamalo pena pamene panangowunjikana masamba ouma.

"Pondani apo," anatero Nyenga.

"Palibe kanthu apa."

"Ndiye pondanitu."

Dokowe anakweza mwendo wake wautali, anauyang'ana, anayang'ananso masamba aja, n'kuubweza.

"Nyenga, ndili ndi miyendo iwiri yokha."

Nyenga anatola ndodo n'kugwaza pamasambapo. Thapu! Mtengo umene unapindidwa unadzuka, ndodo ija ili lende m'mwamba, waya atailuma.

"Khwekhwe limeneli latcheredwa posachedwapa," anatero Nyenga. "Mukauze Bwalo kuti tsiku lililonse limene akukayikira, atume woti adzaponde. A Kambuku atabwera okha zingakhale bwino kwambiri."

Dokowe anaseka mpaka mapiko kugwedera. Anakanena ku Bwalo zimene anaona ndi maso ake, ndipo nkhani ya dzina inathera pomwepo.

M'masiku omwewo m'dziko la Ntchefu munabisala mlendo, Insa wamkazi wochokera kwa Kambuku. Insayu anali atayankhula pamsonkhano wa kwawo kuti chizolowezi chopereka mwana mmodzi kwa mfumu nyengo iliyonse chithe. Atangotero anayamba kuona mapazi achilendo pafupi ndi pogona pake, ndipo anathawa n'kuoloka mtsinje. Nyenga ndiye anamupezera pobisala, m'chitsamba cha minga chimene ankachidziwa yekha.

Chilimwe chitafika pakati, moto waukulu unawononga mbali ina ya dziko la Kambuku, n'kupha ana a nyama ambiri. Dokowe anateranso pabwalo la Ntchefu, koma ulendo uno sanaodire mokweza. Anapempha kuonana ndi mfumukazi ndi Nyenga pambali.

"Mayi, nkhani yake njolemera. A Kambuku akuti Insa ndiye anatenga chikuni cha moto kumunda kwa anthu n'kuyatsa tchire pobwezera. Pali mboni imene inamuona kumeneko. Bwalo likufuna kudziwa kumene wabisala. Ndipo agwirizana kuti dziko lobisa woyatsa moto lisamachenjezedwenso moto ukamabwera."

Dokowe atapita kokapuma, Ntchefu anatembenukira kwa Nyenga.

"Wamva?"

"Ndamva, mayi. Koma Insa sanayatse moto. Anayatsa ndi anthu osaka mbewa. Ndauzidwa ndi amene anali pomwepo."

"Ndani ameneyo?"

"Pakamwa satchula, mayi."

"Ndiye Kambuku akhulupirira bwanji?" Ntchefu anayenda uku ndi uku. "Nyenga, udzu wauma. Mphepo ikuomba kuchokera kum'mawa. Mbalame za Dokowe zikaleka kutichenjeza, moto udzatipeza tili m'tulo. Ine ndine mayi wa nyama zonse za muno, ndipo Insa ndi mlendo mmodzi. Usiye za bwalo. Pita kwa Dokowe pompano, umunong'oneze malowo. Nungu asamve."

Nyenga anayang'ana mfumukazi yake. Sanaone nkhanza pankhope pake; anaona mantha, ndipo manthawo anali ndi chifukwa.

"Ndapita, mayi," anatero.

Anatuluka n'kulunjika kumene kunali Dokowe. Koma atangoyenda pang'ono anatsegula pakamwa n'kuyamba nyimbo ija, mokweza kuposa kale lonse. Anafunsa mawu kumene akupita ndi amene akawalandire. Agwape anatulukira m'tchire akuvomera, njati zinabwera zikuponda pansi, ndipo pofika chigawo cha amasiye bwalo linali litadzaza. Nungu anafika pomaliza, minga ikuchita wayawaya.

Ntchefu anatulukira maso ali psu.

"Iwe Nyenga, wachita chiyani?"

"Pepani mayi, chizolowezi. Miyendo ikangoyamba ulendo wokapereka mawu, pakamwa pamayamba pokha."

Panalibenso kubisa. Dokowe ananena pempho lake pamaso pa onse, ndipo Nungu anayamba mafunso.

"Mawuwa akukagwira ntchito yanji?"

"Kuti woimbidwa mlandu apezeke."

"Apezeke kuti aweruzidwe, kapena apezeke basi?"

Dokowe anakanda pansi ndi phazi. "Bwalo linangoti apezeke."

"Mawuwa agwera m'khutu la yani?"

"La mayiko onse. Ndi mmene timachitira."

"Ndiye ndani angalire chifukwa cha mawuwa?"

Kumbuyo kwa khamulo mwamuna wa Mphoyo uja anaimirira n'kukhalanso pansi.

"Lamulo likukana," anatero Nungu.

Pabwalo panabuka phokoso. Ena ankati Nungu walungama, ena ankati lamulo silizimitsa moto. Njiri ina inakuwa kuti ana ake asapse chifukwa cha mlendo. Nyenga anadikira mpaka phokoso litatsika.

"A woweruza, ndifunse. Bwalo la Mayiko litalonjeza kuti Insa akamvedwa poyera, popanda chikhadabo chomukhudza mlandu usanathe, lamulo lingalole kuti tinene malo ndi nthawi imene iye adzaonekere?"

Nungu anaganiza. "Lingalole, ngati mwini wake wavomera."

"A kazembe, lonjezo limenelo mungalitenge?"

"Ndingalitenge."

Nyenga anapita kuchitsamba cha minga. Anapeza Insa ataonda, makutu ali njo.

"Mayi, akukufunani ku Bwalo la Mayiko. Akuti munayatsa moto."

"Ine? Ndinaoloka mobisa kukaona mchemwali wanga, moto n'kutipeza komweko. Mwana wake anapsa ine ndikuona." Anayang'ana Nyenga. "Inu mukundikhulupirira?"

"Ndikudziwa kuti si inu."

"Mukudziwa? Ndiye mukanenatu!"

"Ndikanena zimene ndingathe kunena. Koma sindikunamizani: mukatuluka muno, pali ngozi. Mukakana, sindikutulutsani, ndipo malo ano sindiwatchula. Kungoti dziko lino lidzakhala lopanda wolichenjeza."

Insa anayang'ana minga yomuzungulira.

"Ndatopa ndi minga," anatero. "Ndipita."

Uthenga unapita ku Bwalo: Insa adzafika padooko la pamalire dzuwa litapendeka, ndipo mayiko onse adzamve mlandu wake pamenepo. Dokowe anabwera ndi lonjezo la Bwalo, Kambuku atalumbira nawo. Koma Nyenga anapita yekha kwa Mvuu, wapampando uja.

"Agogo, ndili ndi pempho laling'ono. Tsiku la mlandu mudzafike mmawa, mudzalowe m'madzi pansi pa mkuyu wa padooko, mphuno zokha kunja."

"Wapampando wa mayiko onse abisale ngati chule? Chifukwa?"

"Kunjaku kukutentha, agogo. Ndipo m'madzi mawu amamveka bwino."

Mvuu anang'ung'udza, koma poti kukhala m'madzi sikunali chilango kwa iye, anavomera.

Tsikulo, dzuwa lisanafike paliwombo, padooko panafika Kambuku ndi nduna yake Nkhandwe. Anayang'ana uku ndi uku, osaona aliyense. Kambuku anakwera mumkuyu n'kugona panthambi imene inatambalala pamwamba pa njira.

"Adzera pansi pano," anatero. "Ndikangomaliza, iwe ukokere mtembo m'madzi. Bwalo likamafika tidzati ng'ona yatilanda mlandu."

"Nanga lumbiro lija, mfumu?"

"Ndinalumbira kuti sindimukhudza mlandu uli mkati. Mlandu sunayambe."

Madzi anagawikana. Mvuu anadzuka, matope akuyenderera pamsana.

"Wayamba tsopano, a Kambuku. Tsikani."

Dzuwa litapendeka, monga momwe uthenga unanenera, Insa anafika akuyenda pakati pa njati za Ntchefu, Nyenga ali patsogolo. Mafumu anasonkhana, ndipo Mvuu anafotokoza zimene anamva. Kambuku anati ankangocheza, koma panalibe amene anaseka. Bwalo linagamula kuti zivute zitani, Insa saperekedwa m'manja mwake.

Koma mlandu wa moto unali udakalipo, ndipo amayi a ana amene anapsa anali pomwepo, akudikira. Nkhandwe anaima n'kunena kuti anaona Insa pafupi ndi pamene moto unayambira. Insa anavomera kuti analikodi. Kung'ung'udza kunamveka.

Nyenga anapempha mpata. "Woweruza wa kwathu wandilola kunena ichi: moto uja anayatsa ndi anthu osaka mbewa. Amene anandiuza anali pomwepo."

"Ndani?" anafunsa Kambuku, mawu ake atabwerera mphamvu. "Mutchule. Abwere adzanene yekha."

"Pakamwa satchula."

"Ndiye tipatse ndodo ina tigwaze, monga unachitira ndi Dokowe."

Nyenga analibe ndodo. Moto unali utadya mapazi onse, ndipo phulusa silikanayankha funso lililonse. Chimene chikanayeretsa Insa chinali dzina limodzi lokha, la Galu, ndipo dzinalo linali pamilomo pake. Koma padookopo panali Nkhandwe, amene ankazungulira kumudzi kwa alenje kukaba nkhuku, panalinso makwangwala amene sasunga kanthu m'kamwa. Dzinalo likanafika kumudzi dzuwa lisanalowe.

Insa anamuyang'ana. "Bambo Nyenga," anatero motsitsa, "munati mukudziwa."

Nyenga anayang'ana pansi. "Zimene ndingathe kunena ndanena."

Mvuu anapumira m'mwamba. "Bwalo silinapeze umboni woti Insa anayatsa moto. Silinapezenso umboni woti sanayatse. Apite mwaufulu, akhale kumene afuna, ndipo dziko la a Ntchefu lipitirize kuchenjezedwa."

Tsiku lomwelo mafumu anasintha pangano lawo. Anati kuyambira pamenepo mawu operekedwa ku Bwalo azipita ku makutu okhawo amene dziko lopereka lavomera, azigwira ntchito yokhayo imene anapemphera, ndipo mawu okhudza moyo wa wina asamaperekedwe popanda lonjezo la mlandu wa poyera. Ena ankafuna kuti Kambuku achotsedwe m'Bwalo, koma Mvuu anakana.

"Moto ukabuka kwawo umabwera kwathu," anatero. "Akhale momwemuno, pomwe tikumuona."

Insa anabwerera ku dziko la Ntchefu. Sanabisalenso m'minga, koma ufulu wake unali wowawa. Akafika pamadzi, amayi ankakokera ana awo kumbali. Ena ankamutcha Nachikuni. Akakumana ndi Nyenga panjira ankapatuka, osapereka moni.

Ntchefu naye anaitana Nyenga.

"Dziko lapulumuka, ndipo dzina langa layera pamaso pa mayiko," anatero mfumukazi. "Ndikudziwa kuti ndi chifukwa cha iwe. Ukanandimvera tsiku lija, bwenzi lero ndili ndi magazi a mlendo m'manja."

"Zikomo, mayi."

"Koma unandivula pamaso pa ana anga. Ndikakuuza kanthu tsopano, ndizidzayamba ndadzifunsa ngati uimbe kapena ayi. Mfumu singakhale ndi makutu amene ikuwaopa."

"Ndamva, mayi. Lamulo lija likhala?"

"Likhala. Ndaona chimene limanditchinjiriza, ngakhale kwa ine mwini."

"Ndiye ine ndingapite."

Udindo unaperekedwa kwa wina, ndipo Nyenga anakakumba una wake kumalire a kum'mawa, n'kumasaka ziwala ngati nyenga wina aliyense.

Chilimwe chisanathe, tsiku lina masana, mbalame za Dokowe zinadzaza kumwamba zikukuwa kuti moto ukubwera kuchokera kum'mawa, aliyense athawire kutsidya kwa mtsinje. Nyenga anamva uthengawo limodzi ndi wina aliyense, ndipo anayamba kuthamanga. Koma una wake unali kutali ndi mtsinje, miyendo yake inali yaifupi, ndipo zaka zinali zitamugwira. Njati zinamupitirira, agwape anamudumpha, njiri ija inadutsa ndi ana ake onse mchira uli m'mwamba. Utsi unamupeza. Anayamba kutsokomola, njira osaionanso.

Ziboda zina zinamupitirira, kenaka zinaima n'kubwerera.

"Kwerani," anatero Insa.

Nyenga anakwera n'kugwira khosi lake. Insa anathamanga moto ukulira kumbuyo kwawo, analumpha zitsa, anagwera m'madzi n'kusambira mpaka kutsidya. Kumeneko anagwada, Nyenga n'kutsika. Onse awiri anali wefuwefu, akuyang'ana dziko lawo likupsa, nyama zonse zili zamoyo m'mbali mwawo.

"Musaganize kuti ndaiwala," anatero Insa. "Mpaka lero ana amandithawa."

"Ndikudziwa, mayi."

"Amene munamubisa uja, ali moyo?"

"Ali moyo."

"Ali ndi ana?"

Nyenga anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Insa anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere kudooko kuja anaseka, kuseka kwaifupi kotopa.

"Ngakhale chimenecho simunganene."

"Ngakhale chimenecho."

Insa anadzikutumula madzi. "Sendererani kuno, mukunjenjemera," anatero, n'kugona pansi kuti amutchingire mphepo.

Nthano yanga yafika pogona. Amene munali nane, dzukani mudziongole. Mawu atsala m'makutu mwanuwo muone nokha kokawatula.